Diresi la Tamanda Sindinalidule

Zaka zija matipate atangoyamba kumene, ine n'kuti nditakhazikika kale pakhonde lino la ku Ndirande ndi mashini anga opalasa ndi phazi, omwewa mumawasekawa, amene lero akugwira ntchito pamene anu amagetsi angoti ziii. Kokerani mipando kuno, ana inu, magetsiwo sabwera msanga, ndipo iwe Chisomo tayika kaye sizasiyo pansi, chifukwa nkhani ndikufuna kunenayi ndi ya sizasi yomweyo.

Masiku amenewo telala ankadziwa maliro asanalengezedwe. Munthu ankabwera ndi thalauza lake m'pepala, n'kulankhula motsitsa mawu kuti, “Atelala, tandibwezerani pang'ono m'chiunomu,” ndipo pakapita mwezi n'kubweranso ndi thalauza lomwelo, koma ulendo wachitatu ankabwera ndi mbale wake kudzasoketsa nsalu ya m'bokosi. Kuonda kunali ndi dzina limodzi basi, matenda a boma, ndipo pobweza chovala tinkadula nsalu yotsalayo n'kutaya, poti palibe ankabweranso kudzakulitsa. Matenda a shuga tinkangowamva, amvekere ndi a mabwana a mimba, odya nyama tsiku ndi tsiku ndi kumwa tiyi wa masipuni anayi. Ife a m'makomboni shuga tinkagula wa m'kapepala, tsono akanatidwalitsa bwanji?

Nthawi yomweyo ndiye mlongo wanga Esinati anayamba kuonda. Tinakulira limodzi ku Chiradzulu, m'nyumba imene njala inkagonamo ngati mwini wake, ndipo iye anali wochepa thupi chibadwire, koma uku kunali kuonda kwina. Ankamwa madzi ngati wathira m'dengu, n'kumangopita kuseri pafupipafupi, ndipo kumene wataya madziko nyerere zinkaunjikana. Amayi a pampopi anati walodzedwa, ena anati ndi matenda aja. Anakayezetsa magazi, anamupeza alibe kachilombo, koma ndani akanakhulupirira? Mwamuna wake anasamuka osatsanzika, anzake a kutchalitchi anamupatulira kapu yakeyake, ndipo anamwalira akulumbira kuti sanayendepo ndi mwamuna wina. Anasiya kamtsikana, Tamanda, kamene kanabadwa chaka cha chilala chija tinkadya ufa wachikasu, kamwana kopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinakalera ine, ndipo pa ukwati wake nkhoswe ndinali ine ndemwe.

Tsono chaka chathachi, tsiku lina masana, ndinangoona Tamanda waima apa pamene wakhala iwepa, diresi la chitenje lili m'manja, limene ndinamusokera ndekha.

“Amalume, tandibwezerani. Likungondikhuthuka.”

Nditamuzunguliza tepi m'chiuno, ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Ndinafunsa ngati akumva ludzu, iye n'kuti ngakhale atamwa chidebe chonse kukhosi kumakhalabe gwa. Ndinatenga sizasi mwachizolowezi, koma mtima unakana, ndipo nsalu ija ndinangoipindira mkati n'kusoka pamwamba.

Sipanapite nthawi, mwamuna wake, a Chikopa, wowotcherera zitsulo ku Chirimba, anabwera kudzandiona ngati nkhoswe. Ngakhale mpando anaukana.

“Amalume, ine sindikufuna zambiri. Mwana wanuyu akubisa chinachake. Takayezetsa tonse, akuti tilibe kachilombo, koma munthu angamathe chonchi popanda chifukwa? Kwathu akunena kuti ndi zomwe zinatenga mayi ake. Ndibwera naye ndidzamutule.”

“Kuchipatala anenanji china?”

“Akuti shuga. Shuga ameneyo wamutenga kuti? Kunyumba kwanga shuga amatha pa fifitini mwezi uli pakati, tiyi timamwa wa madzi okhaokha. Ndiye aziti shuga? Amuuza kuti alowe m'kafukufuku, azikapereka magazi. Ine zimenezo ayi.”

Apa ndisakunamizeni, ine ndi a Chikopa tinagwirizana pa chinthu chimodzi. Anthu a kafukufuku sindinawakhulupirirepo. Ife tinakula tikumva za anamapopa, ndipo munthu wobwera ndi galimoto yoyera, kukumwetulira, kukupatsa botolo la zakumwa kenako n'kukupempha magazi, ine ndimayamba ndafunsa kuti magaziwo akupita nawo kuti, nanga akapindula ife tidzamva? Koma safunsa anadya phula. Ndinawauza a Chikopa kuti ukwati sauthetsera pakhonde la telala, tipite tonse atatu tikamve ndi makutu athu, ndipo akakatinamiza ndikamutenga ndekha mwanayo.

Kuchipatala chachikulu tinalandiridwa ndi dokotala wachitsikana, msinkhu wa Tamanda yemweyo, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chizungu monga mumachitira inumu. Ine ndinakhala pafupi ndi khomo, maso ali pa timabotolo. Ndinamufunsa mosapsatira kuti magazi a mwana wathu akagulitsa kuti. Sanakwiye. Anati amawayeza kuti aone mmene thupi likupangira insulini, madzi ochokera m'kapamba amene amatsegulira chakudya njira yolowa m'thupi, ndipo anati Tamanda akakana kafukufuku mankhwala azilandirabe, komanso atalowa ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse. Ndinati mumtima, onse amatero.

Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

“Agogo, mayiwa ali mwana, kunyumba chakudya chinkakwana? Nanga mayi awo ali oyembekezera ankadya bwanji?”

“Njala ikukhudzana bwanji ndi shuga?” ndinatero ine. “Shuga si wa anthu okhuta?”

Iye anati dzinalo ndi limene limatisokoneza. Shuga wa m'magazi sachokera m'kapepala ka kugolosale kokha, nsima yomweyi ikalowa m'mimba imasanduka shuga. Anati alipodi amene amadwala chifukwa cha kunenepa ndi kukhala pansi, alipo otengera kumtundu, koma kuno kwathu akupeza anthu ambiri oonda, ena achinyamata, ndipo ofufuza akuganiza kuti mwana akavutika ndi njala m'mimba mwa mayi ake kapena ali wamng'ono, kapamba wake sakula mokwanira, ndiye akakula amalephera ntchito. Anati mankhwala oyenera munthu wonenepa mwina sangafanane ndi a munthu wotere, ndipo muyezo ukalakwika shuga amatha kutsikitsitsa munthu n'kukomoka, n'chifukwa chake akufufuza. “Zonse sitinazidziwe,” anatero, ndipo mawu amenewo ndi okhawo amene anandifewetsa pang'ono, chifukwa wakuba sanena kuti sindikudziwa.

Ndinafunsa za nyerere. Anati inde, shuga akachuluka amatulukira m'mikodzo, nyerere zimatsata. Ana inu, ine ndinatuluka panja, ndinakaima pansi pa mtengo n'kulira ngati mwana, munthu wa imvi zanga. Esinati ankanena zoona. Anafa ndi kapu yakeyake chifukwa cha njala ya ku Chiradzulu, imene tinkagonera limodzi pamphasa imodzi.

Tinabwerera pa minibasi. Potsika a Chikopa anangoti, “Ndamva, amalume, koma ndionera thupi lake.” Sanamutule, koma sanapepesenso, ndipo ine ndinadziwa kuti mlanduwo wangoimikidwa. Tamanda anasankha yekha kulowa m'kafukufukuyo, ine ndikung'ung'udza. Anayamba mankhwala, kumabayidwa chala nthawi ndi nthawi, anasiya ufa woyera n'kubwerera ku mgaiwa umene inu mumati ndi wa amphawi, masamba ndi nyemba pambali, osadumphitsa chakudya. Kale tinkanyadira ufa woyera kuti tafika m'tauni, lero achipatala akutibwezera kumudzi, dziko ili ndi lozungulira.

Musaganize kuti ndasiya kukayika. Mpaka lero ndikakumana ndi dokotala uja ndimamufunsa kuti magazi athu afika pati, ndipo ndamuuza kuti zimene adzapeze adzatiuze kuno ku Ndirande m'Chichewa, asakangoziwerengera azungu kunja. Amaseka, koma ine sindiseka. Inunso wina akadzakupemphani magazi, mudzafunse mpaka atope, koma mudzamvetserenso yankho lake.

Mwezi wathawu, ndili pamashini pano, ndinamva munthu akuodira. Anali a Chikopa, manja akuda ndi zitsulo, atanyamula diresi lija m'jumbo. Ulendo uno mpando anaulandira.

“Amalume, akuti likuwathina m'chiuno. Kaya lingatheke kukulitsa, kapena tigule nsalu ina? Ndimafuna adzavale Lamulungu, tipitire limodzi kutchalitchi.”

Ndinalitembenuza, n'kumasula ulusi pang'onopang'ono iwo akuona, ndipo nsalu yonse ija inatuluka, maluwa ake akadali owala kuposa akunja. Zaka zonse ndakhala pakhonde lino, aka kanali koyamba kukulitsa chovala chimene ndinabwezera munthu wodwala.

Ndiye iwe Chisomo, siketi wagwirayo mwini wake wati waonda, eti? Usamufunse zambiri, ndipo usamuweruze ndi maso, ungomuuza mwaulemu kuti akayezetse ndi shuga yemwe. Nsaluyo usadule, mwanawe, ipindire mkati. Mwini wake adzaifuna.