Hita ya Pikapu ya Usipa ndi Mkanjo wa a Mjomba

Nthawi imeneyo msewu wa ku Chiponde unali usanalawe phula, ndipo ine mukundiona ndi dazi lerone ndinali ndi tsitsi lothyola chipeso. Usaseke iwe Yusufu, tayamba waika pansi kamakina kako kolumikiza ku galimotoko. Inu a masiku ano galimoto ikadwala mumafunsa kompyuta, koma ife tinkafunsa mphuno, khutu ndi kababu kamodzi komangirira waya.

Ndinkayendetsa pikapu ya bwana wina wogula usipa ku Malindi, ndipo mtima wanga unali utagwa pa Asiyatu, agogo anu omwewa amene amakukalipirani mukalowa ndi girizi m'nyumba. Koma kwathu kuno mkazi sutenga mjomba wake, ndiye kuti malume ake, asanagwedeze mutu, ndipo mjomba wa Asiyatu anali Che Mdala a ku Chiponde, munthu wosaseka chisawawa, amene anali atabweza kale anyamata awiri. Ataitanidwa ku Mangochi kudzakamba za ukwati wathu, anatumiza mawu kuti, “Basi sindikwera. Mnyamatayo adzanditenge yekha, ndidzamuone panjira.” Ndiye ine, pofuna kuoneka bwino, ndinali nditalumbira kwa abale onse kuti fodya sindimudziwa n'komwe, chonsecho paketi inali m'sokosi.

Tsono mvetsani. M'pikapumo munali hita, kafani kopemerera mpweya wotentha. Kuno ku Mangochi hita ndi ya chiyani? Dzuwa la kuno limaphika dzira pa bonati! Zaka zonse ndinali ndisanaigwireko swichi yakeyo, ndinkangokolekapo tasibihi, mikanda yanga yopempherera. Sindinkadziwa kuti kafani komweko ndi kamene kamachotsa nthunzi pa galasi la kutsogolo kukazizira.

Ndinafika ku Chiponde m'mawa, a mjomba n'kutuluka atavala mkanjo woyera mbee, wosita mpaka m'mphepete, n'kukhala pampando osandiyang'ana. Titadutsa Namwera, tikuyamba kutsetsereka mapiri aja okhotakhota, mvula inatsika ya mkokomo, ndipo kunazizira ngati si boma lathu lino. Tinatseka mawindo, galasi lonse n'kuchita mbuu ndi mpweya wathu. Ndikapukuta ndi dzanja, nthunzi ikubwerera, ndipo kumanzereku kuli phompho loti ukagwa amakakutola ndi dengu.

“Yatsani mpweya wa pagalasi, Che Saidi,” anatero a mjomba, ndipo amenewo anali mawu awo oyamba chichokere ku Chiponde.

Ndinapotokola swichi. Zii. Ndinapotokolanso mpaka kumapeto. Zii. Thukuta linayamba kutuluka kuli kozizira choncho.

Ndinaimika pambali n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi pansi pa chiwongolero, ndipo ndinapezadi fyuzi ya hita itapsa. Ndinali ndi yapadera imodzi yokha. Ndinaiika, kuyatsa, n'kumva kuti thu! Nayonso yapita. Apa m'pamene munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa kuti chikuotcha mafyuziwa n'chiyani, koma ine nzeru zinali zitathawira m'mawondo. Ndinakumbukira mankhwala a madalaivala onse a nthawi imeneyo: umakulunga fyuzi yakupsayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, magetsi n'kumadutsa mokakamiza.

Ana inu, dzanja langa lomwe linapita lokha m'sokosi! Ndinazindikira paketi ili kale poyera, a mjomba akuiyang'ana ngati aona njoka mumzikiti.

“Ndi ya bwana wanga,” ndinatero.

“Bwana wanu amasunga fodya m'sokosi mwanu?”

Ndinangokulunga fyuzi ija, kuiika, kuyatsa. Kunamveka kung'ung'udza pansi pa dashibodi, koma mpweya ayi, ndipo posakhalitsa kautsi kanayamba kutuluka, fungo la waya wopserera kuti fwee m'galimoto monse. Ndinazula fyuziyo ndi zala, kapepala kaja n'kundiotcha, chipsera chake ndi ichi mukuchionachi. Ndikanachedwa pang'ono, pikapu ya eni ake ikanayaka, ukwati n'kupsera momwemo.

Ndinakhala pansi, ndipo kunena zoona ndinafuna kulira. Kenaka ndinati, zaipa zaipa basi, bola ndinene chilungamo. “A mjomba, ndalakwa kawiri. Fodyayu ndi wanga, ndinanama. Ndipo fyuzi ija sinalakwe kupsa, imandiuza kuti kutsogoloku kuli vuto, ine ndaitseka pakamwa. Mundilole ndifufuze bwinobwino.”

Anangoti, “Fufuzani.”

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinachotsa pulagi ya ku mota ya kafaniko, n'kubwereka fyuzi ya hutala, poti pamvula imeneyo panalibe womuimbira. Ndinayatsa swichi, fyuzi sinapse, ndiye kuti mawaya sanagundane panjira. Ndinatenga kababu kanga, mbali ina pa pulagi, mbali ina pa chitsulo cha galimoto, babu n'kuyaka, ndiye kuti magetsi akufika, swichi ilibe mlandu. Waya wa ethi, uja womangidwa ku chitsulo, ndinamugwedeza, ali gwa. Watsala ndani? Mota mwini wake. Ndinagona chagada pansi pa mapazi a a mjomba, miyendo ili panja ikuvumbwa, n'kumasula tizitsulo titatu, kafani n'kutsika.

Mayo ine! Munali mudzi wa makoswe. Chisa cha thonje la mpando, zidutswa za saka, ndi mitu ya usipa yodzaza manja awiri. Zaka zonse ndinkanyamula usipa, anzangawo ankatuta wawo n'kumasungira mu hita, nkhokwe yabwino yopanda woigwira. Fani inali itatsamwa moti sinkatembenuka, ndipo mota ikakanika kuzungulira imakoka magetsi ochuluka, fyuzi n'kudzipereka kuti waya asapse. Ndinakokolola zonsezo, kupukusa fani ndi chala mpaka inayamba kuzungulira yokha, kukulunga waya wopserera uja ndi tepi, n'kubwezera zonse m'malo mwake.

Koma chimene ndinaiwala n'chakuti m'mipaipi yopita kumtunda munatsala katundu. Nditayatsa swichi mpaka kumapeto mwamatama, fani inalira kuti vuu, ndipo m'mabowo monse munatuluka chimvula cha mamba a usipa, fumbi ndi manyi a makoswe, zonse pa mkanjo woyera uja, zina mu ndevu. Galasi linayera ndithu, msewu n'kuoneka, koma a mjomba anali ngati awakwirira pa thandala la usipa. Anachotsa kamutu ka nsomba pa chisoti chawo, kukayang'ana, n'kukaponya panja. Pofika ku Mangochi ine mumtima ndinali nditatsanzikana naye kale Asiyatu.

Titafika, abale atasonkhana pakhonde, amphaka a m'mudzi akuwazungulira a mjomba, Asiyatu akusuzumira pawindo maso ali ofiira. A mjomba anakhosomola n'kuti, “Paja ali dere n'kulinga utayenda naye. Ine ndinagwira ntchito ya magetsi ku migodi ya ku Joni, ndipo fyuzi yachiwiri itangopsa ndinadziwa kuti fani yagwidwa. Ndinakhala chete dala. Mnyamatayu ndi wabodza, ndiponso ndi wopupuluma. Koma utsi utatuluka sananamizire galimoto, sananamizire mvula, anati ndalakwa ndine, n'kugona m'matope kufunafuna gwero. Ameneyu mwana wathu akadzalira, adzafunsa chimene chamuliza. Mpatseni. Koma fodya asiye lero, ndipo mkanjowu achape yekha.”

Ndinauchapa katatu ku mtsinje wa Shire, amayi otunga madzi akundiseka, ndipo fungo silinathe. A mjomba anauvalabe pa tsiku la ukwati wathu, ati kuti ndisaiwale.

Ndiye iwe Yusufu, ndamva kuti pikapu yabwera m'mawayi yaotcha mafyuzi awiri, ndipo ndakuona ukufunafuna yaikulu kuti isapsenso. Usatero mwana wanga. Tsitsa fani uyang'ane m'kati. Ndipo madzulo ano ukafika kunyumba, mkazi wako akayambanso kudandaula zija wakhala akudandaula sabata yonseyi, usamugulire chitenje kuti akhale chete. Khala pansi umufunse pamene patsamwa.