Mpando Wobiriwira wa Mayi Ndidikira

Mkulu wa bungwe lathu, akuluakulu a bodi, alendo ochokera m'mabungwe anzathu, bambo a kunyumba pamodzi ndi ana ndi adzukulu, anzanga apantchito, ndakupatsani moni nonse. Kumbuyoko mukundimva? Siyani kaye mbalezo, sizithawa.

Ine ndakhala ofesi imodzi ndi mayi tikutsanzikana nawowa kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Dzina lawo lenileni lili pa chitupa. Ife timawadziwa kuti Mayi Ndidikira. Kupolisi amawadziwa choncho, kundende choncho. Ndamva kuti ngakhale bambo a kunyumba, zikavuta, amawaitana choncho.

Alendo, ndikufotokozereni. Ntchito yathu ndi kuyankhulira anthu oponderezedwa: wotsekeredwa popanda mlandu, wamasiye wolandidwa nyumba, mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha ulumali. Ndiye timayenda m'maofesi. Yankho la m'maofesi mukulidziwa: "Bwana ali pa msonkhano, mubwere mawa." Enafe tinkabwerera tikutukwana chamumtima. Mayiwa anakagula mpando wopinda, wachitsulo, wobiriwira. Akauzidwa za mawa amangoti, "Palibe vuto mwananga, ndidikira." Basi, kutambasula mpando pakhomo penipeni, kutulutsa ulusi, n'kuyamba kuluka.

Koma tsiku loyamba, abale inu! Anapita kukaonana ndi mkulu wina wa apolisi, n'kusankha chitseko chimene chinawaonekera cholemekezeka. Anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhope ili gwa. Kenako kunabwera bambo wina ndi makiyi. "Pepani mayi, tasunthani pang'ono, nditengemo tsache." Tsiku lonse anadikirira matsache ndi zidebe! Atabwerako ndinawafunsa kuti zayenda bwanji. Akuti, "Bwana wa lero ndi wouma mtima, sanatsokomole n'komwe."

Kuyambira pamenepo sanaphonyenso chitseko. Ndipo musaganize kuti amangokhala duu. Aliyense wodutsa amalandira moni. "Mwaswera bwanji bambo? Ine ndili bwino, kungoti ndikudikira bwana, pali mayi wina analandidwa nyumba maliro a mwamuna wake asanathe." Mwaulemu, koma mokweza, tsiku lonse. Pofika masana nkhani yafika mpaka kwa wogulitsa nthochi pageti. Bwana wina anayesa kuzembera khomo lakumbuyo. Anawapeza atakhala pambali pa galimoto yake, akumwetulira. Ana a masekilitale a m'tauni muno akula ndi zipewa zoluka mayiwa. Ukawafunsa mayiwa amati si ziphuphu, ulusi unangotsala.

Tikuseka, koma mpando umenewu wabwezera anthu nyumba zawo. Watulutsa anthu m'chitokosi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayiwa aona maso a mabwana ambiri. Anatiphunzitsa kuti wopondereza mnzake amadalira kuti ife titopa. Mayi, inu simunatope. Zikomo kwambiri. Nanunso a pabanja zikomo, munatibwereka mayi anu nthawi imene munkawafuna pakhomo.

Komabe ndikukuonani, mayi. Mukuseka ndi pakamwa pokha. Ndi nkhani ya kalipentala uja. Alendo, ameneyu ndi bambo amene anamangidwa pomuganizira kuti anaba matabwa, ndipo wakhala m'ndende zaka osaonekera kukhoti. Mwana wake wamkazi anamusiya akukwawa, pano akupita kusukulu. Mayiwa anayenera kupuma chaka chatha, anakana chifukwa cha bambo ameneyu. Chaka chino mawondo awo anapangana ndi adokotala, ndiye panalibenso kukana. Mukulongedza katundu wanu munandiuza, misozi ikulengeza, kuti, "Mnzanga, ine ndikukagona pa bedi, mwana wa eni ake ndikumusiya pa simenti." Mawu amenewo anandipweteka.

Kenako mpando wanu unasowa. Mwativutitsa nawo! Mwafufuza mpaka kuseri kwa filiji. Mlonda wosalakwa mwamuyang'ana ndi diso lofiira mwezi wonse. Mupepeseni, akuba ake ndife. Tinakaukhazika pakhomo pa woimira boma pa milandu, n'kumasinthana. Loya wathu, dalaivala, ine, ngakhale mkulu wathuyu ndi suti yake. Kuluka kunatikanika, koma moni tinapereka, wokweza ndithu. Sekilitale atangouona mpandowo anagwira mutu. "Kodi si paja ndinamva kuti akupuma?" Tinati, "Palibe vuto, tidikira."

Dzulo nkhani ija inalowa m'khoti. Woweruza anafunsa umboni, ndipo panalibe woti aimirire nawo, mlandu n'kuthera pomwepo. Bambo a kunyumba, agwireni dzanja mayiwo. Mayi, tayang'anani kukhomo uko.

Lowani, bambo. Lowani naye mwanayo, musachite manyazi, muno ndi kwanu.

Lirani mayi, lero palibe akuletseni. Bambowa andiuza tili m'galimoto kuti akangogwiranso sowo ndi hamala, ntchito yoyamba ndi mpando wanu. Wa matabwa olemera, wosapinda, woti simungaunyamule kupita nawo ku ofesi ya munthu. Bambo a kunyumba, mukauike pakhonde, ndipo mukawaona akuuyesa kulemera kwake, mutiimbire foni. Wobiriwira uja utsala kuno, m'ndende mukadali anthu.

Mayi Ndidikira, mwadikirira ana a eni ake mokwanira. Pitani mukapume, mawondowo apole. Adzukulu awa nawonso akhala akukudikirani. Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja mwamphamvu, mpaka mabwana aja amve ali pa msonkhano pomwepo!