Pa Nyumba Pano Pali Nkhoswe

Lachinayi masana, a Nedson Kaliwo, amene anapuma ntchito ya njanji kalekale koma sanapumepo pa ntchito yogwirizanitsa mabanja a mu Nangongwe ku Kafue, anali pakhonde kusoka lamba wa nsapato pamene mayi wina anakankha geti, envulopu ili m'manja. Dzina lake anali Emelda, ndipo ankaoneka kuti sanabwere kudzacheza.

"Odi. Ndiye pano pa ba Kaliwo?"

"Ndi pano."

"Anituma ba Lastone, akulu a ku chechi kwathu. Ati pa nyumba pano pali nkhoswe."

A Kaliwo anakonza kolala. Mawu akuti nkhoswe ankawakonda kuposa tiyi wamkaka. Anali ataimira maukwati makumi atatu ndi anayi, ndipo awiri okha ndi amene anatha, omwenso iwo ankati anatha ali ku maliro ku Chipata.

"Mwafika, mayi. Khalani apa. Vuto n'chiyani?"

"Afuna kunipisha."

"Kukuthamangitsani? Ndani?"

"Abwana."

A Kaliwo anavomereza ndi mutu. Mkazi wotchula mwamuna wake kuti abwana, mkangano uli mkati, kwa iwo anali woleredwa bwino.

"Mwakhala nawo zaka zingati?"

"Seveni."

"Si masewera. Munalowa mwadongosolo, kapena munangotengana?"

"Tinasainilana. Pepala nili nayo." Emelda anamenya envulopu ndi chala.

"Ku tchalitchi?"

"Awe, mu ofesi."

"Hmm, za ku boma. Chabwino, nazonso zimawerengedwa. Chayambitsa n'chiyani?"

"Chiwelu. Ine nipemphela pa Sabata. Zaka zonse izi enze kunilola, pa Chiwelu nili ku chechi, pa Sondo nabwela. Manje ati nisankhe, iwo olo chechi."

A Kaliwo, mkulu wa mpingo wa Reformed, ankaona anthu opemphera Loweruka ngati anthu amene anawerenga kalendala mothamanga. Komabe mwamuna woletsa mkazi wake kupemphera ankawanyansa kwambiri.

"Nanga inuyo pakhomo ntchito zanu mumagwira? Musabise."

"Niuka faifi. Nipyanga, nitapa madzi, nipeleka vakudya, nitola mazila."

"Mazira amawakonda?"

"Awelenga lililonse. Likapwanyika limodzi, nkhope isintha tsiku lonse."

"Mwamuna wowerenga mazira," anadandaula a Kaliwo. "Ndinaonapo wowerenga nthuli mumphika, koma uyu wapitirira." Anasendeza mpando, natsitsa mawu. "Ndikufunseni monga kholo. Pali mkazi wina?"

"Tilimo fotini."

Singano inagwa pansi. A Kaliwo sanaitole.

"Khumi ndi anayi."

"Tenze sikisitini. Awili anawapisha chaka chatha."

"Nonsenu nyumba imodzi?"

"Mashedi atatu. Tichita mashifiti."

"Mashifiti." A Kaliwo anaimirira, kenako anakhalanso, chifukwa analibe kopita. "Nanga mayi wamkulu akuti chiyani?"

"Ba madamu? Akhala ku Lusaka. Abwela chabe kutiona mwezi ukasila."

"Mayi, ndikuuzeni chilungamo. Ine ntchito yanga ndi kumanga, sindipasula. Koma apa tulukani. Lero lomwe, tengani mapoto anu muzipita kwanu."

"Nichoke? Nanga ana anga azadya chani? Ine nabwela kuti mukaniimilile, nikhalemo."

"Mukhalemo, wa nambala fotini?"

"Iyayi, ine ndine wachitatu," anatero Emelda, atapwetekedwa mtima pang'ono. "Onse aja nawaphunzitsa ine. Akabwela watsopano, abwana amupeleka kuli ine."

"Ndipo inu mumamulandira."

"Na yunifomu nimupatsa."

A Kaliwo anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, ngati kuti vuto linali m'magalasimo.

"Mlandu uli mailo, naini koloko," anapitiriza Emelda. "Ati nibwele na munthu wonikambilako. Nikapita neka, basi, yasila."

"Mawa lomweli? Akuchimuna kubwera ndani?"

"Ba manija na kalaliki wao."

"Amalume ake palibe?"

"Amalume a ndani? A famu?"

"Famu yanji?"

Emelda anawapatsa envulopu ija. A Kaliwo anabwezera magalasi pamphuno, nawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Inali kalata ya famu ina ya nkhuku ku Shimabala, yoitana wantchito wawo kuti akafotokoze chifukwa chimene anajombera Loweruka katatu, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti akhoza kuchotsedwa ntchito. Anaipinda bwinobwino momwe inaliri, kuti apeze nthawi yobisa manyazi.

"Mayi, iyitu ndi ntchito."

"Nanga nenze kukamba chani?"

"Ine ndine nkhoswe ya maukwati."

"Nkhoswe ni nkhoswe."

"Ayi. Mukufunika loya."

"Ba Lastone sanakambe loya. Anakamba nkhoswe ya Akhristu, iziwa malamulo, ikhala kwa ba Kaliwo. Ija inawina mlandu wa kamtsikana ka mpango."

Apa a Kaliwo anatola singano ija, naiyang'ana ngati sanaionepo. Anadziwa tsopano amene a Lastone ankanena. Mwana wawo Prudence anali loya ku Lusaka, m'kagulu ka maloya achikhristu koimira anthu ovutitsidwa chifukwa cha mapemphero. Chaka chatha anaimira mtsikana wachisilamu amene anabwezedwa pa sukulu chifukwa cha mpango wa kumutu, ndipo a Kaliwo anamukalipira Prudence pa foni mpaka mawu anasasa. Kuchokera tsiku limenelo panapita miyezi khumi ndi umodzi osayankhulana. Ankamusowa mwanayo usana ndi usiku, koma zimenezo sankauza ngakhale mkazi wawo.

"Ameneyo sakhala pano."

"Ni ndani?"

"Mwana wanga, Prudence."

"Oho. Mutumileni foni."

"Sitiyankhulana."

"Anakutukanani?"

"Ndinamulera mu mpingo, kwaya anaimba, Sande sukulu anaphunzitsa. Ndimati akakhala loya aziteteza Akhristu. Iye kukaimira Asilamu."

"Munamufunsa?"

"Anati lamulo loteteza mpango wa mwana uja ndi lomwelo loteteza tchalitchi changa, ndipo likang'ambika mbali imodzi lang'ambika lonse. Kundiyankha ine, bambo ake, ngati tili m'khoti."

Emelda anaganiza pang'ono.

"Nanga ine wa pa Chiwelu nili mbali iti? Ndine Mkhristu olo iyayi?"

"Inu ndinu Mkhristu," anatero a Kaliwo mosamala. "Mkhristu wolakwitsa tsiku."

"Ndiye anipishe."

"Ayi, ayi. Munthu sangachotsedwe ntchito chifukwa chopemphera, ngakhale akupemphera tsiku lolakwika."

"Nanga wovala mpango wolakwika?"

A Kaliwo anabwerera ku nsapato yawo. Anabaya singano pamalo pomwe anali atasoka kale.

"Pitani ku Boma, mukafunse kumeneko. Maloya ndi ambiri."

"Ba Lastone anati pano."

"A Lastone analakwitsa."

"Geti ni iyi, yobiliwila. Dzina ni Kaliwo. Sanalakwitse." Emelda anavula nsapato zake, naziika pambali pa mpando, natambasula miyendo. "Sinichoka."

"Mudzakhala mpaka liti?"

"Mpaka naini koloko. Nikapishiwa, nizabwela na ana anga atatu, tizakhala tonse pa khonde pano. Wamng'ono akonda kuimba."

"Mayi, izi ndi za m'banja mwanga."

"Nazo zanga ni za m'banja mwanga. Nambala muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Anayamba kukalipa ni ndani? Musabise."

A Kaliwo anakweza mutu. Mawu amenewo anali awo, ndipo anali atawagwiritsa ntchito pa maukwati makumi atatu ndi anayi. Sankadziwa kuti amaluma chonchi akamachokera mbali inayo.

"Ndinangomulangiza mokweza."

"Iye anakweza?"

"Iye anati, 'Chabwino, adadi.' Ndine ndinadula foni."

"Pa Khisimasi anatuma?"

"Anaimba kawiri. Ndinali kuseri."

"Kawili konse?"

"Kuseri kwake n'kutali," anatero a Kaliwo, akuyang'ana kuseriko, komwe kunali mapazi khumi kuchokera pakhonde.

Emelda anatenga foni yawo imene inali pawindo, naipukuta ndi chitenje, nawaika m'manja. A Kaliwo anaigwira ngati mbale yotentha. Dzina la Prudence silinavute kupeza, pakuti linali pamwamba penipeni, pomwe chala chawo chinkafika madzulo aliwonse n'kubwerera.

"Mwina ali m'khoti."

"Tizamvela."

"Mwina anasintha nambala."

"Tinikani, ba Kaliwo."

Anatinika. Foni inalira kamodzi kokha.

"Adadi?" Mawuwo anatuluka mofulumira, ngati a munthu amene wadzidzimuka pampando. "Adadi, kuli bwino? Amami ali bwino?"

A Kaliwo, amene anayankhulapo pamaso pa apongozi aukali a mu Kafue yense osachita chibwibwi, anachotsa foni kukhutu. Maso anawayabwa. Anaphimba foni ndi chikhatho, nayang'ana Emelda.

"Ndinene chiyani?" ananong'ona.

Emelda anakonza chitenje, nasendeza mpando wake pafupi, natsitsa mawu monga momwe iwo anachitira poyamba paja.

"Yambani na pepani. Osayopa, nkhoswe yanu ili pano. Mukasiliza, munipatse loya wanga."