Ngolo ya Matani Asanu pa Kachulu

Chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, mayi wina wogulitsa matemba anausa pamthunzi wa ngolo ya lole pa Kachulu, dengu lake lili lopanda kanthu. Mwini ngoloyo, bambo waimvi yemwe mayiyo sankamudziwa, ankaipukuta fumbi.

"Bambo, mukuvutikiranji kupukuta chinthu chongokhala?"

"Chidzayenda, mayi. Mwezi watha mnzanga anandikokera ngoloyi ku sikelo ya boma. Akumeneko anayeza lole payokha, ngolo payokha, kenako zonse pamodzi, n'kundilembera papepala kuti ndizinyamula matani asanu."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Laisensi. Yangayi ndi ya lole yosakoka kanthu. Mayeso a yokokera ngolo ndalephera kawiri, pobwerera chammbuyo. Ndikakalepheranso, akazi anga akuti ndiigulitse."

"Nanga mukakhoza mudzanyamula chiyani? Taonani uko, ndi matope okhaokha, mabwato angoti gone pamtunda."

"Ine ndikatsinzina ndimaona madzi atafika pamtengo uwo. Matemba ali mbwee poyanika, ngolo yadzaza, ine ndikukwera mtunda wa ku Zomba pang'onopang'ono, fungo likunditsogolera mpaka ku Limbe."

"Iii, fungo limenelo! Ana anga ayamba kuliiwala. Wamng'onoyo dzulo amandifunsa ngati matemba amamera m'munda."

"Adzawaona ndi maso ake. Nyanjayi imachoka n'kubweranso, makolo athu anaziona."

"Basi, madzi akadzabwera mudzandisungire malo a madengu awiri."

"Awiri okha? Mayi, boma landilembera matani asanu. Musakandichititse manyazi pa sikelo."