Mchere wa Anganga Sunaphe Mwana

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kwa Mwambo. Ine ndine Esinati. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti pakamwa panga ndi polemera, koma lero ndati ndilembe za chaka chimene ine ndi agogo anga tinatsala pang'ono kupirikitsidwa pamudzi, atatinamizira kuti tikupha ana.

Mayi anga anamwalira pa njala yaikulu ija, ndipo bambo anapita ku Joni osabwerako. Tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yohane, m'manja mwa agogo amene tinkawaitana kuti anganga. Iwo ankatcheza mchere. Ankapala dothi loyera la m'mbali mwa nyanja, kulithira madzi mumphika woboola pansi, ndi kuphika madzi odonthawo mpaka mchere utatsalira. Anthu ankabwera ndi chimanga kapena matemba kudzasinthitsa.

Chaka china mvula itayamba, ana m'mudzi anayamba kutsegula m'mimba, ena kutupa mapazi. Maliro anatsatana. Akuluakulu anati ndi mdulo, ndipo mukudziwa kuti kwathu timati mdulo umalowera mumchere. Kenaka wina anaona kuti nyumba iliyonse imene munatuluka maliro munali mchere wa anganga. Zimenezo zinali zoona, ndipo sitikanakana.

Yohane nayenso anadwala. Anatha masiku asanu okha n'kumwalira. Ndinkaganiza kuti tsopano atimvera chisoni, koma anthu anati nkhalambayo yadya ndi mdzukulu wake yemwe. Malume anga, mwana weniweni wa anganga, anaima pabwalo osakhala pansi nati, “Amayi, mwezi uno ukatha muwolokere ku chilumba cha Chisi kapena kumene mukudziwa. Ine ndatopa ndi kulozedwa chala.”

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi ichi: nanenso ndinayamba kuwakayika. Akamathira mchere m'ndiwo ndinkayang'anitsitsa manja awo. Iwo anazindikira, ndipo anayamba kudya ndiwo zosathira mchere. Pemphero langa linafupika, linangotsala mawu awiri: “Ambuye, onani.”

Kutatsala masabata atatu kuti mweziwo uthe, pakhomo pathu panaima njinga. Anali Che Amini, Msilamu wa ntchito zaumoyo wochokera ku Zomba, amene ankayenda m'midzi ndi katemera wa nthomba. Anadabwa kuona nyumba imene anthu akuilambalala. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera, kenaka anafunsa, “Nanga nyumba zimene ana ake ali bwinobwino, mchere amautenga kuti?”

Funso limenelo palibe amene anali atafunsapo.

Tsiku lotsatira anasonkhanitsa anthu nati, “Inu mwawerenga odwala okha. Tiyeni tiwerengenso amene sanadwale, tifanizire.” Nyumba za odwala anati alowa zonse. Za osadwala zinali zambiri, choncho analemba mayina ake pa timapepala ndi kutiponya m'chipewa chawo. Anawapatsa malume nati, “Tolani ndinu, achimwene, mungadzati ndasankha anzanga a kumzikiti.” Anthu ena anaseka, ndipo malume anatola nkhope ili gwa.

Masiku atatu anayenda khomo ndi khomo, mafunso ake omwewo osasintha: mchere mumautenga kuti, madzi mumatunga kuti, mwana amadya chiyani. Yankho lililonse ankalilemba. Atamaliza anayala malichero awiri pabwalo, lina la odwala, lina la osadwala, ndipo nyumba iliyonse inali njere imodzi ya chimanga, kuti ngakhale osadziwa kuwerenga aone ndi maso.

Pa mchere, malichero onse awiri anadzaza mofanana. Mudzi wonse unkadya mchere wa anganga, a ana odwala ndi a ana athanzi omwe. Pa madzi ndiye panasiyana. Pafupifupi nyumba zonse za odwala zinkatunga pathamanda la kuseri kwa minda ya mpunga, pamene madzi a mvula amakokolorera zonyansa za kutchire. Za osadwala zambiri zinkapita kuchitsime cha kumtunda.

Che Amini sanadzitame. Anati, “Njerezi zaloza, koma sizinatsimikize. Siyani thamanda, mchere dyanibe, tione mwezi ukubwerawu.” Malume anavomera kudikira.

Anthu akuyang'ana malicherowo, ine ndinakumbukira za Yohane. Wotunga madzi pakhomo pathu ndinali ine. Kuchitsime kunali kutali, ndipo chiyambireni manong'onong'o amayi akumeneko ankakhala chete ndikafika, choncho ndinkapita kuthamanda kumene kunalibe maso. Madzi amene Yohane anamwa ndinasenza ndine pamutu panga. Anganga ataona nkhope yanga anazindikira. Anandigwira dzanja nati, “Sunadziwe, mwanawe. Khala pansi.” Anatero munthu amene ine ndinamukayika.

Mwezi unatha, wina unathanso, osamveka maliro a mwana. Tsiku lina malume anabwera ndi kadengu ka chimanga, naima pomwe anaima paja. Kupepesa kunawakanika. Anangoti, “Amayi, mchere ulipo?” Anganga analowa m'nyumba nakawatengera. Za ku Chisi sizinatchulidwenso, ndipo iwo anakhala m'nyumba mwawo mpaka Ambuye atawaitana chaka chotsatira.

Yohane sanabwerere, ndipo sindikunamizani kuti chilondacho chinapola. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka, natumiza munthu wa chipembedzo china kudzafunsa funso limodzi. Che Amini sindinawaonenso. Kumene ali, Mulungu awasunge.

Inu amene akunamizirani lero, ndipo mulibe wokuyankhirani, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakutherani. Ndipo tsiku limene mudzafune kuloza mnzanu chala, yambani mwafunsa kunyumba zimene sikunagwe tsoka. Ambuye akhale nanu nonse.