Botolo la Mizu Kuseri kwa Hita

Abale anga mwa Ambuye, senderani kuno mumve, koma amene mukudya yambani mwameza. Ndine Nachisale wa ku Dedza. Akundilembera ndi mpongozi wanga Chisomo, namwino, ndipo ndamuuza kuti asakongoletse kanthu.

Ndinabwera ku Woolwich, kuno kutsidya kwa nyanja, kudzalera mdzukulu wanga Tadala, khanda lofiira. Ndinatsika ndege chifuwa chitandigwira kale, ndipo sichinali chifuwa chaulemu ayi. Ndikatsokomola ankatuluka makhololo achikasu, onanda ngati therere logona. Ndinkayenda ndi kachitini kolavuliramo, komwe ine mwini wake ndinkatseka maso pokatsuka. Chisomo sanandibisire: "Amayi, mwanayu musamuyandikire kufikira chifuwachi chitatha. Tiyeni kwa dokotala." Ndinakana, poopa kuti akandigoneka m'chipatala cha eni. Tsiku lobwerera kumudzi linkayandikira, mwana ndikungomusuzumira pakhomo ngati mlendo.

Kutchalitchi kuli mayi wina wa ku Chipata, amake Daliso. Anandibweretsera phukusi lochokera kusitolo ya mankhwala a Chitchaina, pafupi ndi msika. "Mbuya, ivi vimizu ni vamphamvu maningi, vizachosa vonse," anatero, n'kuthamangira kukakwera basi. Nditamasula ndinapeza mizu yodulidwa mopyapyala, makungwa ndi timakoko touma ta lalanje. Mtima unakhala pansi, poti mizu ndimaidziwa. Kwathu timaiviika m'botolo n'kumamwa, madzi akachepa timangothiramo ena. Ndinachita momwemo, botolo n'kulibisa kuseri kwa hita ya kuchipinda kwanga kuti madzi asamazizire.

Abale, zimene zinamera m'botolo lija! Madzi anada bii, pamwamba thovu, m'mbali chuku chaubweya. Ndikatsegula linkageya ngati mbuzi yotupidwa, fungo lake la sokosi yonyowa yogonera pa gaga wowola. Ndinkatsina mphuno n'kumeza, ndikudziuza kuti mankhwala enieni sakoma. Chifuwa sichinasunthe, m'mimba namonso munayamba kubangula. Chisomo anasuntha mipando yonse, ati akufuna khoswe wakufa. Tsiku lina nditasanza m'bafa, ndinagwada pomwepo n'kunena kuti, "Ambuye, kodi mwandibweretsa kutali konse kuno kuti ndibwerere manja anga asanamve kulemera kwa mwanayu?"

Nditadzuka ndinakulunga botolo m'chitenje kuti ndikalitaye kumabini apansi. Mulifiti, chikepe chotsikira pansi, ndinakumana ndi Mayi Lin, gogo wa Chitchaina wa khomo loyang'anana ndi lathu. Anagwira mphuno, n'kuvundukula chitenje changa osapempha. Ataona mizu ija ikuyandama anakuwa kuti, "Ayaa!" Iye Chichewa sadziwa, ine Chingerezi sindidziwa, koma kukalipa kumamveka m'chinenero chilichonse. Anandikokera kukhitchini kwake, zonyansa zija n'kuzitaya. Anatulutsa mizu yake youma yofanana ndi yanga, anaitsuka, n'kuiwiritsa pang'onopang'ono m'kamphika kadothi mpaka madzi anaphwera. Atasefa anandipatsa kapu yotentha. Kuwawa kunalipo, koma kunali kuwawa kwaukhondo.

Kenaka ndinatsokomola, iye n'kukwinya nkhope. Anandigwira dzanja mpaka kwa Chisomo, ndipo anayankhulana kwa kanthawi. Chisomo anatembenuka nati, "Amayi, akuti mizu imeneyi amaphika, saviika. Akutinso chifuwa chikafika potere mizu payokha singachithe, mupite kwa dokotala lero lomwe. Ndiye khoswe uja munali inu?"

Mwini mizu atanena yekha, ndikanakananso bwanji? Dokotala anandipima, tinamuonetsa mizu ija, anandipatsa mapiritsi, ndipo sanandigoneke. Makhololo anayamba kuyera, kenaka anatha. Kachitini kaja ndinakataya ndekha. Mulungu anandiyankha kudzera mwa munthu amene sititha ngakhale kupatsana moni womveka, ndipo ndikumuthokoza. Inu amene mukumeza zowawa mobisa, musaleke kupemphera, koma tulutsani botolo lanulo ena alione.

Amake Daliso anapepesa, akuti kusitolo anawafotokozera kaphikidwe koma anaiwala kundiuza. Mayi Lin tikakumana amagwirabe mphuno, tonse n'kufa nazo nseko. Chisomo anachapa makatani onse. Tadala ndinamunyamula Lamlungu lapitali, lomaliza ndisananyamuke. Anandiyang'ana, anageya, n'kundibwezera mkaka wosasa paphewa ponse. Chisomo anathamanga ndi kansalu, ine ndinati, "Siya, mwana wanga. Fungo ili ndi limene ndinadzera."