Masamba amene ndinamwetsa mpongozi wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene muli. Ine ndine amake Yotamu, ndimakhala m'komboni ya George, chakumalire ndi Lilanda. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinaika mwana wanga m'manda, ndi mmene ndinatsala pang'ono kupha mdzukulu wanga ndi manja angawa, ndikuyesa kuti ndikuchita chifundo.

Zaka zambiri ndinagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu ku mayadi. Iwo ankadwala mutu waching'alang'ala ngati ine, uja wogwira mbali imodzi mpaka munthu kusanza. M'dimba mwawo munali kachitsamba ka maluwa oyera okhala ndi chikasu pakati, masamba ake owawa ndi onunkha. Ankakatchula fivafyu. Anandiuza kuti ndizidya timasamba tiwiri kapena titatu tsiku lililonse, osapitirira, ndipo mutuwo uzibwera patalipatali. Pobwerera kwawo anandisiyira kamtengoko m'chitini cha penti. Ndinkabisa masambawo pakati pa buledi, chifukwa ukatafuna okha amatulutsa zilonda m'kamwa. Anandithandiza ndithu, sindinganame. Za amene sayenera kumwa sanandiuze, inenso sindinafunse, popeza ndinali nditasiya kale kubereka.

Yotamu ndiye mwana yekhayo amene anandikulira, ena awiri anapita ali makanda. Ankakankha wilibala pa msika m'tauni, ndipo tsiku lina lole yobwerera m'mbuyo inamupanikiza kukhoma. Anali atakhala m'banja miyezi isanu ndi itatu chabe. Mkazi wake anali Esinala, mtsikana wa ku Chawama, wofatsa, wosayang'ana munthu wamkulu m'maso.

Maliro atatha anthu anabalalika. Mwa mwambo wathu, Esinala anatsala kwa ine kudikira tsiku lomusudzula. Ankakhala pamphasa tsiku lonse atamanga mpango mwamphamvu kumutu, akuti mutu ukung'amba. Chakudya ankangochiyang'ana, m'mawa ankasanza kuseri kwa nyumba. Ine ndinati n'chisoni, pakuti nanenso mutu ukandigwira ndimasanza chimodzimodzi.

Ndiye ndinaganiza mopusa. Ndinati ngati timasamba tiwiri timakwanira ine, ululu wa mwanayu ndi waukulu, ukufunika masamba ambiri. Ndinathyola odzaza dzanja, ndinawiritsa mpaka madzi ada, n'kumamupatsa kapu m'mawa, kapu masana. Ankagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kumwa. Kamodzi kokha anati, "Amai, ni vowawa." Ine ndinati, "Imwa chabe mwana wanga, uzapola." Tinachita zimenezi masiku asanu ndi anayi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti Esinala anali ndi pakati pa miyezi itatu. Anali atauza mwamuna wake yekha, ndipo mwamunayo anapita nazo kumanda. Kwathu mimba yaing'ono sitiilengeza, komanso mpongozi sangatsegule pakamwa kuuza apongozi ake nkhani yotero, imadzera kwa azakhali. Azakhali akewo anali atabwerera kumudzi ku Petauke. Kukana kapu yanga sakanathanso. Pamaliro achibale ena ankanong'ona kuti mtsikanayu analowa ndi tsoka m'banja, ndipo akanakankha kapuyo, zikanamveka ngati akuti ine ndikumudyetsa. Anasankha kumwa n'kukhala chete.

Pafupi ndi ine pamakhala bana Mwape, ndiye kuti amake Mwape, mayi wachibemba wogulitsa kachasu. Tinali tisakupatsana moni zaka ziwiri chifukwa cha madzi oipa a m'ngalande amene ankalowa pakhomo panga. Mumtima mwanga ndinali nditawaweruza kale kuti ndi munthu wotayika. Tsiku lakhumi ndili pamzere wa madzi kupompi, ndinawaona akubwera akuthamanga, chitenje m'manja.

"Bana Yotamu! Siyani vigubu ivo, mpongozi wanu achoka magazi!"

"Magazi a chani?"

"Imwe, mulibe menso? Mwana akokota dothi ya chiswe pa chipupa changa m'mawa monse, imwe simuona? Ali na mimba uja!"

Ndinasiya zigubu n'kuthamangira kunyumba. Ndinamupeza Esinala atapindika pansi pafupi ndi chimbudzi, atagwira pamimba, chitenje chitanyowa. Bana Mwape anakokera panja kasitomala wawo wina wa takisi amene anali asanayambe kumwa, n'kumuuza kuti akakana asadzapondenso pakhomo pawo. Iwo ndiwo anamunyamula Esinala kumulowetsa m'galimoto.

Kukiliniki anesi anafunsa ngati wamwa chinthu chilichonse. Esinala anayang'ana pansi osayankha, ndipo ndinazindikira kuti akunditchinjiriza ine. Bana Mwape anandigunda ndi chigongono. "Kambani imwe amai, vija vimasamba va mu tini." Anamasula mfundo ya chitenje chawo, ndipo munali kanthambi kamene anathyola tisananyamuke. Ndinaulula zonse, dzina lake, muyeso wake, ndi masiku ake.

Anesiwo sanandikalipire, koma mawu awo ndikuwamvabe. Anafufuza dzinalo pa foni, anaitana adokotala, kenaka anandiuza kuti mayi wapakati sayenera kumwa masamba amenewa ngakhale pang'ono, chifukwa akhoza kuchititsa chiberekero kukankha mwana nthawi isanakwane. Anati woyamwitsa asamwe, ana aang'ono asapatsidwe, ndipo amene ali pa mankhwala osungunula magazi akhoza kutaya magazi osaleka. Anatinso anthu amawadya pofuna kupewa mutu waching'alang'ala, si mankhwala a mutu uliwonse, ndipo mutu wa Esinala unali wa kulira ndi njala. Pomaliza anati sangalumbire kuti ndi masambawo okha, chisoni ndi kusadya zimathanso kutero. Koma mtima wanga unali utagamula kale mlandu.

Esinala anamutumiza ku chipatala chachikulu. Ndinakhala pabenchi panja, dzuwa likuwotcha, anthu akudutsa ndi mabasiketi a chakudya cha odwala. Ndinafuna kufa, abale, ndikunena zoona. Ndinaona manda awiri, amodzi okumbidwa ndi lole, ena okumbidwa ndi ine. Pemphero lalitali linandikanika. Ndinangoti, Ambuye, munatenga Yotamu ndipo sindinakufunseni chifukwa. Uyu musamutenge kudzera m'dzanja langa. Ndinabwereza mawu omwewo masiku atatu, osadziwa ngati alipo akumva.

Tsiku lachitatu magazi analeka. Anamuyeza ndi makina aja oonera m'mimba, ndipo anesi ena anandiitana pakhomo n'kunena kuti mtima wa mwana ukugunda. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino pomwepo. Abale a Esinala anabwera kudzamutenga kuchokera m'chipatala momwemo, osadikira za kusudzula. Amalume ake anandiloza chala pamaso pa anthu, akuti ndinafuna kumaliza mbewu ya mwana wanga yemwe. Nditafika kunyumba ndinazula kamtengo kaja n'kukaponya m'chimbudzi. Kusiya masambawo mwadzidzidzi pambuyo pa zaka zonsezo kunandidwalitsa, mutu unabwera woposa kale, tulo tinathawa, mfundo za thupi zinauma. Kukiliniki anati ndikanayenera kuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo anandipatsa mapilitsi ena. Miyezi isanu ndinakhala ndekha m'nyumba ija, wopanda uthenga wochokera ku Chawama. Ndinkapita kutchalitchi, kukhala kumbuyo, kupemphera za mimba imene sindinkaloledwa kuiona.

Mwana anabadwa mwezi umodzi nthawi isanakwane, wamkazi, wochepa kwambiri. Ndinamva kwa anthu. Patapita milungu isanu ndi umodzi, Loweruka lina masana ndikuchapa, ndinamva odi. Anali Esinala, atakwera minibasi ziwiri yekha, khanda kumsana. Anagwada pakhomo, anamasula mwanayo n'kumuika pamiyendo panga manja anga ali ndi thovu. Anati, "Amai, akalibe dzina. Nenze kuyembekeza imwe." Ndinamutcha Taonga, kutanthauza kuti tathokoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa la mkazi wolakwa. Ndikumuthokoza chifukwa anatuma munthu amene ine sindikanamusankha, ndiponso chifukwa cha anesi ndi adokotala aja. Amayi anzanga, chimene chinakuthandizani inu musamwetse mnzanu musanafunse kuchipatala, ngakhale chikhale tsamba lomera pakhomo panu. Mtsikana wa msinkhu wobereka akadwala m'nyumba mwanu, pezani munthu amene angamasuke naye amufunse. Inunso atsikana, ulemu usakutsekeni pakamwa pamene moyo uli pangozi.

Ndipo inu amene mwakhala pabenchi ngati ija lero, mukudziimba mlandu, musachokepo kukadziwononga. Pempheranibe, ngakhale mawu atsale awiri okha. Yotamu sanabwerere, ndipo m'mawa uliwonse ndimadzuka ndikudziwa zimenezo. Koma pamene ndikulemba izi mwana wake ali pamphasa apa, akukoka chitenje changa, ndipo wamera mano awiri.